Kazembe akaitanidwa kwawo

Pa 17 Seputembala 2021 dziko la France linalamula kazembe wake wa ku Washington, Philippe Étienne, ndi wa ku Canberra, Jean-Pierre Thébault, kuti abwerere ku Paris. Chiyambireni ubale wa France ndi America mu 1778, zoterezi zinali zisanachitikepo. Chinautsa mapiri pachigwa chinali sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Mu 2016 Australia inasankha kampani ya ku France, imene pano imatchedwa Naval Group, kuti iipangire sitima 12. Koma pa 15 Seputembala 2021 atsogoleri a America, Britain ndi Australia, Joe Biden, Boris Johnson ndi Scott Morrison, analengeza mgwirizano wa AUKUS, woti America ndi Britain zithandize Australia kukhala ndi sitima zoyendera mphamvu ya nyukiliya. Ntchito ya France inafera pomwepo, ndipo boma la ku Paris linauzidwa patangotsala maola ochepa kuti dziko lonse limve.

Chilengezo cha France chinati akazembewo aitanidwa kuti akakambirane ndi boma lawo. Kwa munthu wamba mawuwa ndi ofewa, ngati kazembe wangopita kumsonkhano. Koma pantchito ya ukazembe mkwiyo umapimidwa, ndipo mlingo uliwonse uli ndi dzina lake. Wotsika ndi woitanitsa kazembe wa dziko lina ku unduna woona za maubale a mayiko, n'kumuuza pamaso kuti boma lake lalakwa. Wotsatira ndi uwu wobweza kazembe wako. Ofesi yake simuitseka, mbendera simuitsitsa, ogwira ntchito amatsala, koma mpando waukulu umakhala wopanda munthu kuti aliyense aone. Zili ngati mkazi amene wapita kwawo atayambana ndi mwamuna wake: banja silinathe, koma ankhoswe akapanda kukhala pansi, sabwerera.

Pamwamba pa apa pali kupitikitsa. Pangano la ku Vienna la 1961, lomwe limayendetsa ntchito za akazembe padziko lonse, limalola boma kunena kuti kazembe wina ndi persona non grata, munthu wosafunidwa, popanda kupereka chifukwa. Amalawi tinaziona mu Epulo 2011, pamene boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi itaululika m'nyuzipepala. London inabwezera pothamangitsa woimira Malawi, ndipo kazembe watsopano anabwera mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma. Mayiko a azungu okhaokha safuna kufikana pamenepo. Mu Julayi 2019 makalata a Kim Darroch, kazembe wa Britain ku Washington, onyoza kayendetsedwe ka boma la Donald Trump, ataululika, Trump anangonena kuti sagwira nayenso ntchito. Darroch anatula yekha pansi udindo. Mapeto ake ndi omwewo, koma chikalata chomuthamangitsa sichinalembedwe. Mlingo womaliza, wodula ubale n'kutseka maofesi, ndi wa adani.

Ngakhale kusachita kanthu kumalankhula. France sinabweze kazembe wake wa ku London, ndipo nduna yake ya zakunja, Jean-Yves Le Drian, inaonetsa poyera kuti Britain ikuiona ngati wongoperekeza pankhaniyi, wosayenera n'komwe kumukwiyira mwalamulo.

Mawu amene ndimaona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi ndi akuti kukambirana. Pakati pa mayiko ogwirizana, kukambirana si macheza. Ndi ufulu womva chinthu chisanachitike, nthawi ikadalipo yoti unene maganizo ako. Pangano la NATO la 1949 limadziwika kwambiri ndi ndime yake ya 5, yoti woputa mmodzi waputa onse, koma ndimeyi yagwiritsidwapo ntchito kamodzi kokha, zigawenga zitaukira America pa 11 Seputembala 2001. Chimene chimagwira mgwirizano tsiku ndi tsiku ndi mzimu wa ndime ya 4, yoti mayikowa azikambirana pamene mmodzi waona kuti chitetezo chake chili pachiwopsezo. Australia si membala wa NATO, ndipo sitima zija sizinkakhudza ndimeyi mwalamulo, koma France, America ndi Britain ndi mamembala, ndipo anazolowera kuuzana zinthu.

Apa m'pamene kusintha kwa mtsogoleri ku America kunawonjezera ululu. Kwa zaka zinayi zoyamba za Trump, mayiko a ku Ulaya ankadandaula kuti zinthu zazikulu akuzimvera pa Twitter. Biden atalumbiritsidwa pa 20 Januwale 2021 analonjeza kuti America yabwerera kwa anzake. Mu Juni chaka chomwecho, pamsonkhano wa G7 ku Cornwall, anajambulidwa akuyenda ndi mtsogoleri wa France, Emmanuel Macron, atagwirana mapewa. Kumsonkhano komweko Biden, Johnson ndi Morrison anakumana paokha. Pa 30 Ogasiti nduna za France ndi za Australia zinatulutsa chikalata chalimodzi chotsindika kufunika kwa ntchito ya sitima zija, ndipo patangodutsa masabata awiri ntchitoyo inathetsedwa. Le Drian anati France yabayidwa kumsana, ndipo anafanizira mchitidwewu ndi wa Trump. Ine ndimaona kuti anali ndi chifukwa chokwiyira. Australia inali ndi ufulu wogula sitima kumene ikufuna, koma kusayina chikalata chotere ukudziwa kuti ukukambirana ndi ena n'kuwononga chida chimene akazembe onse amadalira.

Chikalata chalimodzi ndi chida chimenecho. Liwu lililonse mbali ziwiri zimalimbirana lisanatuluke, n'chifukwa chake chimawerengedwa mosamala, zimene chanena ndi zimene chasiya zomwe. Pa 22 Seputembala Biden ndi Macron atalankhulana pafoni, chikalata chawo chinavomereza kuti zinthu zikanayenda bwino pakanakhala kukambirana momasuka pakati pa mayiko ogwirizana. Liwu lakuti pepani mulibemo. Komabe aliyense wodziwa ntchitoyi anamva kuti America yavomera kulakwa, ndipo Étienne anabwerera ku Washington sabata yotsatira. Pa 29 Okutobala ku Rome, Biden anapita kukakumana ndi Macron ku Villa Bonaparte, ofesi ya kazembe wa France ku Vatican, n'kuvomera kuti nkhaniyi sanaiyendetse mwaluso. Kuti wamkulu ndiye anapita pakhomo pa wolakwiridwa, nakonso kunali kulankhula.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiona boma likasintha. Ku America akazembe osankhidwa chifukwa cha ndale amachoka limodzi ndi mtsogoleri amene anawaika, ndipo olowa m'malo amadikira kuti dziko lowalandira liwalole, nyumba ya Senate iwavomereze, kenako akapereke makalata owatsimikizira kwa mtsogoleri wa dzikolo. Poyembekezera zonsezi ofesi imayendetsedwa ndi chargé d'affaires, wogwirizira mpando. Amakhala katswiri wa ntchito, koma sakhala ndi khutu la pulezidenti. Mkangano wa AUKUS utabuka, America inalibe kazembe ku Paris. Kazembe watsopano, Denise Bauer, anavomerezedwa mu Disembala.

Ndi Australia bala linachedwa kupola, chifukwa linali litafika pa munthu. Ku Rome komweko mtolankhani atafunsa Macron ngati akuganiza kuti Morrison anamunamiza, iye anayankha kuti sakuganiza, akudziwa. Zikafika apa akazembe amasiyanitsa dziko ndi boma. Mapangano ndi ngongole ndi za dziko, sizichoka ndi munthu amene wagwa pachisankho, koma kukhulupirirana kumayenda ndi munthu. Anthony Albanese atapambana Morrison pachisankho cha pa 21 Meyi 2022, mwezi wotsatira analengeza kuti Australia ipereka chipukuta misozi cha mayuro 555 miliyoni kwa Naval Group. Pa 1 Julayi Macron anamulandira ku Paris, ndipo atsogoleri awiriwa anati ubale wayambiranso. AUKUS Albanese sanaikhudze, ndipo sitima 12 zija France sinazipangenso.