Chuma cha banja la Beit ndi njanji ya ku migodi ya Midlands

Aliyense wochokera ku Malawi kapena ku Chipata amene anapitako ku Joni pa basi amalidziwa dzina la Beitbridge, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti Beit linali dzina la banja, ndi kuti chuma cha banjali chinakhudza moyo wa makolo athu amene anakatchona ku Kwekwe, ku Shurugwi ndi ku Zvishavane.

Chumacho anayambitsa ndi Alfred Beit, amene anabadwira ku Hamburg mu 1853 ndipo anafika ku Kimberley mu 1875 kudzagula dayimondi. Kumeneko anagwirizana ndi Cecil Rhodes. Rhodes ndiye anali wa pakamwa, Beit anali wa masamu ndi thumba. Awiriwa anali pamodzi pokhazikitsa De Beers mu 1888 ndiponso mu British South Africa Company, kampani imene inalanda dziko la Amandebele ndi Mashona. Beit anaperekanso ndalama ku chiwembu cha Jameson cha mu 1895, chimene chinalephera mochititsa manyazi. Anamwalira mu 1906 asanakwatire, ndipo m'chikalata cha masiye anapatula mapaundi 1,200,000 kuti athandize kukuza njanji ndi njira zina zolumikizira madera a Rhodesia. Apa ndi pamene panabadwira Beit Trust.

Njanjiyo inali ndi kolowera. Inafika ku Bulawayo mu 1897, mu 1902 inalumikiza Bulawayo ndi Salisbury kudzera ku Gweru ndi ku Kwekwe, kumene kunali mgodi wa golide wa Globe and Phoenix. Mu 1903 mphanda inalowera ku Shurugwi, kumene pambuyo pake kunatchuka ndi miyala ya chrome, ndipo mu 1928 ina inafika ku Zvishavane kukanyamula asbestos. Sitima zinkafuna katundu, katundu ankafuna manja omukumba, ndipo ambiri a manjawo ankachokera kumpoto kwa Zambezi: ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete. Msonkho wa nyumba unkawathamangitsa m'midzi. Ena ankayenda pansi milungu yambiri, ena ankagwidwa panjira ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903. Ntchito ya pansi pa bungweli anthu ankaitcha chibalo, ndipo mawuwa akadali m'chinenero chathu: mwana wochimwa kusukulu mpaka lero amapatsidwa chibalo.

Wolowa m'malo mwa Alfred anali mng'ono wake Otto, amene anakhala mmodzi wa akuluakulu a Rhodesia Railways. Otto anakwatira Lilian Carter wa ku New Orleans, anathandiza kwambiri kafukufuku wa zamankhwala ndi Imperial College ya ku London, ndipo mu 1924 anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir, wa mtundu umene mwana amalowa bambo akamwalira. Koma m'nyumba mwake munagwa zovuta: mwana wake wamwamuna woyamba, Theodore, anadzipha mu 1917 ali msilikali wachinyamata. Motero Otto atamwalira mu 1930, dzina, chuma ndi zithunzi zamtengo wapatali zinagwera wachiwiri, Alfred wamng'ono, wobadwa mu 1903.

Zaka zimenezi ndi zimene thumba la Beit linamanga milatho yodziwika: wa pa Limpopo mu 1929, wa pa Luangwa, wa Birchenough pa mtsinje wa Save mu 1935, ndi wa ku Chirundu mu 1939, umene unapatsidwa dzina la Otto. Milathoyi inathandiza aliyense, zimenezo n'zosatsutsika. Komabe tisaiwale kuti mlatho umene unafupikitsa ulendo wa mlimi wa ku Petauke ndi womwewo unafulumizitsa mwana wake kupita ku mgodi.

Sir Alfred Beit sanakumbepo mwala, ndipo njanji ankaidziwa kudzera m'mabuku a ndalama. Anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Britain kuyambira 1931 mpaka 1945, ndipo mu 1939 anakwatira Clementine Mitford. Nkhondo itatha anasamukira ku South Africa, koma ndale za tsankho zimene zinakhwima mu 1948 sizinamukomere. Mu 1952 anagula nyumba yaikulu ya Russborough ku Ireland n'kupachikamo zithunzi za Vermeer, Goya ndi akatswiri ena. Zithunzizo zinaitana akuba. Mu 1974 gulu logwirizana ndi IRA, lokhala ndi Rose Dugdale, mwana wa munthu wolemeranso, linamanga Sir Alfred ndi mkazi wake n'kutenga zithunzi 19, zimene apolisi anazipeza patapita masiku ochepa. Mu 1986 mbava ya ku Dublin, Martin Cahill, inathyolanso nyumbayo. Chaka chotsatira banjali linapereka zithunzi 17 ku National Gallery of Ireland. Sir Alfred anamwalira mu 1994 wopanda mwana, ndipo ulemu wa Sir uja unathera pa iye.

Thumba lija lokha ndilo silinafe. Mu 1954 lamulo latsopano linawonjezera Nyasaland pa maiko opindula nalo, ndipo lero Beit Trust imathandiza sukulu, zipatala ndi ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimawongola mafupa a ana, chili ndi dzina la banjali.

Zidzukulu za okumba aja zikadali m'makomboni a ku Midlands. Kumeneko gule wamkulu amatulukabe, anansi awo n'kumamutcha zvigure, ndipo Chichewa chawo chasakanikirana ndi Chishona. Lamulo la mu 2001 linawachotsera ambiri a iwo unzika wa Zimbabwe chifukwa makolo awo anabadwira kunja, ngakhale kuti iwowo Malawi anali asanamuonepo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzikawo kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC.