Napolo pa mbale ya galamafoni

Mu Disembala 1946 ku Zomba kunagwa mvula imene agogo athu sanaiiwale mpaka kumanda. Inagwa usana ndi usiku, phiri linagumuka, mtsinje wa Mulunguzi unasefukira n'kukokolola milatho ndi nyumba, ndipo anthu anafa. Azungu a boma, poti Zomba ndiye anali likulu, analemba kuchuluka kwa mvulayo m'mabuku awo. Anthu a kumudzi anangoti Napolo wadutsa. Napolo ndi chinjoka chija akuluakulu amati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chimasesa chilichonse chili panjira. Kwa ife a ku Songani si nkhani yakutali ayi, chifukwa madzi a kuphiriko amadutsa m'midzi mwathu momwemuno popita ku Chilwa.

Pasanathe zaka zambiri, tsoka lija linasanduka nyimbo. Paseli Brothers, ena mwa oimba oyambirira a dziko lino kumveka pa galamafoni, anaimba "Napolo" ndipo inatchuka kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti sikumveka ngati nyimbo ya pamaliro. Magitala ake ndi opepuka, ndipo womvera amapezeka akugwedeza phazi asanaganize n'komwe za mitembo.

Kuti muimve kukoma, dziwani kaye makina amene ankaiimba. Galamafoni sinkafuna magetsi kapena mabatire. Munthu ankapukusa chogwirira cha m'mbali, mbale n'kumazungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Singano yachitsulo inkayenda m'timizere ta mbaleyo, ndipo inkabuntha msanga moti ankaisintha pafupipafupi. Mbali imodzi inkatenga mphindi zitatu zokha. Ndiye woimba analibe nthawi yozungulirazungulira: nkhani yonse, kuyamba mpaka kumaliza, imayenera kukwana mommo. Akaphonya, ankayambiranso poyamba, panalibe zodula ndi kumata pa kompyuta. Kuthetheka kuja mumamva pansi pa nyimbo, ngati chimanga chokazinga, ndi singano ikukanda mbale.

Kuno kunalibe fakitale yopanga mbale. Nyimbo zambiri zinkajambulidwa ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, kapena ku Johannesburg, kumene makampani ngati Gallo ankachita malondawo. Ndiko kumene abambo athu ankapita kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Wobwerako atapata ankafika ndi njinga, jekete ndi galamafoni, mudzi wonse n'kusonkhana pakhonde. Tangoganizani mnyamata wa kuno ali kutali choncho, akumva dzina la Napolo likutuluka m'bokosi. Nyimboyo inali kalata yochokera kwawo.

Nanga bwanji kuvina nkhani ya imfa? Ine ndimaona kuti ndi nzeru. Kulira kumatha tikachoka pasiwa, koma nyimbo yovinika imapita kumowa, kuukwati, kumsika, ndipo mwana amene sanaone chigumula amakula akulidziwa dzinalo. Patapita zaka 41, mu 1987, Steve Chimombo anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Napolo Poems. Mu 1991 phiri linagumukanso ku Phalombe, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anachita zomwezo m'maboma a kummwera. Dzina limene anthu anatchula ndi lomwe lija.

Vuto n'lakuti mbale zimenezi zimasweka ngati phale zikangogwa. Zambiri zinatha choncho. Nyimbo za kuno zimene Hugh Tracey anajambula m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo pano ili ku Rhodes University, ku South Africa. Mawu a makolo athu anapulumukira kwa eni ake ena.

Tsono ngati kwanu kuli agogo amene anavinako "Napolo", musadikire. Khalani nawo pansi, afunseni galamafoni inali ya ndani, ankaiimba pakhonde la yani, kenako tsegulani foni yanuyo muwajambule akuimba.