Mmene Dzuwa Limakalambitsira Khungu la Pamutu wa Dazi

Tsitsi limachinga khungu la pamutu ku dzuwa. Likathothoka, khungulo limatsala poyera, ndipo popeza layang'ana kumwamba, limaombedwa ndi dzuwa kuposa mbali zambiri za thupi.

M'kuwala kwa dzuwa muli ceza cosaoneka ndi maso cochedwa ultraviolet, ndipo mitundu yake iwiri imafika pa khungu. Mtundu wa UVB umawaula khungu lapamwamba. Mtundu wa UVA umalowa mkati n'kuononga collagen ndi elastin, timaulusi timene timalimbitsa khungu ndi kulithandiza kutanuka. Timaulusiti tikafooka, khungu limauma, limacita makwinya ndi mawanga, ndipo limaoneka lokalamba kuposa msinkhu wa mwini wake. Kuonongekaku kumaunjikana pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

Pa dazi pamathanso kutuluka timabala tokhakhala, ta mamba, timene madokotala amati actinic keratosis. Tina mwa timabalati timasanduka khansa ya pakhungu tikapanda kucizidwa. M'caka ca 1992, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika ceza ca dzuwa pa gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu.

Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri amene amacepetsa ngoziyi, koma saithetseratu. Anthu acialubino, amene khungu lao lili ndi melanin wocepa kwambiri, ndiwo ali pa ngozi yaikulu. Mphamvu ya cezaci imakulanso pa malo okwera: imaonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse, ndipo mzinda wa Lusaka uli pa mtunda wopitirira mamita 1,200. Mitambo yopyapyala siiletsa cezaci kudutsa.

Citetezo coyamba ndi cipewa ca mlomo waukulu, cifukwa kapusi imasiya makutu ndi khosi padzuwa. Alimi, asodzi ndi omanga nyumba acivale makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 16 koloko, pamene dzuwa limakhala lamphamvu. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa apa apakidwe pa dazi ponse, ndipo abwerezedwe pa maola awiri alionse ndiponso munthu akatuluka thukuta kwambiri.

Mukaona cilonda pamutu cosapola kwa milungu ingapo, kapena banga limene likukula, kusintha mtundu kapena kucha magazi, pitani ku cipatala msanga. Khansa ya pakhungu ikapezeka koyambirira, kawirikawiri imacizika.