Nkhanza Pakati pa Ana Ongoyamba Sukulu ya Sekondale

Kuvutitsana kwa ana a sukulu kumasiyana ndi ndeu wamba. Katswiri wa ku Sweden, Dan Olweus, amene anayamba kufufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970, anafotokoza kuti ndi nkhanza zocitidwa mwadala ndiponso mobwerezabwereza kwa mwana amene sangathe kudziteteza. Mwanayo amamenyedwa, kunyozedwa, kulandidwa cakudya kapena ndalama, ndi kusalidwa. Masiku ano ena amacititsidwa manyazi pa WhatsApp ndi Facebook.

Lipoti la bungwe la UNESCO la mu caka ca 2019 linaonetsa kuti pa dziko lonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anali atavutitsidwapo ndi anzake m'mwezi umodzi wokha. M'maiko a mu Africa a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara, ciwerengeroco cinatsala pang'ono kufika theka.

Vutoli limakula kwambiri pamene ana asintha sukulu. Ku America, ana a zaka 11 kapena 12 amacoka ku pulaimale ndi kulowa sukulu yapakati yochedwa middle school. Mu 2002, Anthony Pellegrini ndi Jeffrey Long anafalitsa zimene anapeza atalondola ana otere kwa zaka zingapo. Nkhanza zinakwera anawo atangofika pa sukulu yatsopano, kenaka zinayamba kutsika. Cifukwa cake n'cakuti pamalo acilendo palibe amene adziwa malo ake. Amene anali wamkulu ku pulaimale amasanduka wamng'ono, magulu akale amabalalika, ndipo ena, makamaka anyamata, amagwiritsa nchito mphamvu kuti aziopedwa. Zikadziwika kuti wamphamvu ndani, ndeu zimacepa. Ofufuzawo anaonanso kuti mwana wokhala ndi mabwenzi savutitsidwa kwambiri monga amene ali yekhayekha.

Muno m'Zambia nthawi yoteroyo ndi yolowa sekondale: kale mu Giredi 8, ndipo kuyambira mu 2025, mu Fomu 1. M'sukulu zogonera komweko, khalidwe la "mocking" n'lodziwika kuyambira kale. Ongofika amacapitsidwa zovala, kutumidwa madzi usiku ndi kulandidwa zimene makolo anawalongedzera. Akuluakulu ambiri amaseka pokumbukila zimenezi ndi kunena kuti zimalimbitsa mtima, koma iwo akuwerenga okhawo amene anapirira mpaka kumaliza. Mwana wozunzidwa amayamba kujomba, kusowa tulo ndi kulephera m'kalasi, ndipo kawirikawiri sauza munthu poopa kuchedwa kazitape. Nayonso mphunzitsi amene ali ndi kalasi lodzaza, monga zakhalira m'sukulu zambiri cikhazikitsidwire maphunziro aulere mu 2022, sangazindikire msanga mwana amene wangokhala cete. Conco temu yoyamba ndiyo ifunika maso a aphunzitsi ndi makolo kuposa ina iliyonse.

Lamulo la Children's Code Act la mu 2022 limateteza ana ku nkhanza, ndipo mwana aliyense angapemphe thandizo mwa kutuma foni kwaulere ku Childline pa nambala 116.