Mtengo wa M'nkhalango ndi Mtengo wa Pamsika

M'chaka cha 1907 Leo Baekeland, mbadwa ya ku Belgium imene inkakhala ku New York, anapanga Bakelite, pulasitiki yoyamba yochokera ku mankhwala okhaokha. Anthu anaitamanda chifukwa siwola. Lero chimene anatamandacho ndicho chikutiliza, pakuti jumbo yotayidwa m'munda kapena m'ngalande imakhala momwemo zaka zambirimbiri.

Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti pulasitiki yowola nayonso ndi yakale. M'chaka cha 1926 Maurice Lemoigne, wa ku Institut Pasteur m'dziko la France, anapeza chinthu chachilendo m'thupi mwa bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Bacillus megaterium. Chinthucho, chimene chimatchedwa PHB, ndi chakudya chimene kachilomboka kamasunga monga ife tisungira chimanga m'nkhokwe. Chimatheka kuumbidwa ngati pulasitiki, ndipo chikatayidwa tizilombo tina timachidya. Komabe mafuta a pansi pa nthaka anali otsika mtengo, choncho ntchito ya Lemoigne inagona m'mabuku.

Mafuta atakwera mtengo m'chaka cha 1973, akatswiri anaikumbukira. Kampani ya ICI ya ku Britain inayamba kupanga pulasitiki yotere ndi kuitcha Biopol, ndipo mu 1990 mabotolo ake a sopo wa tsitsi anafika m'masitolo a ku Germany. Tsoka lake, mabakiteriyawo ankadyetsedwa shuga, motero Biopol inadula kuposa pulasitiki ya mafuta, ndipo malonda ake sanapite patali.

Nanga chakudya chotsika mtengo chikanachokera kuti? Yankho linali m'nkhuni. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thabwa ndi lignin, chinthu chimene chimaumitsa mtengo ndi phesi la chimanga kuti ziime chilili. Anselme Payen wa ku France anachilekanitsa ndi ulusi wa mtengo mu 1838. Mafakitale a mapepala amatenga ulusiwo, lignin yochuluka n'kuitentha m'ng'anjo, chifukwa tizidutswa take n'tosiyanasiyana, tolukana mopanda dongosolo, tovuta kumasula.

Chimene chinakanika anthu, tizilombo ta m'dothi takhala tikuchichita kuyambira kale. Mu 2014 ofufuza a ku National Renewable Energy Laboratory ku Colorado anasonyeza kuti Pseudomonas putida amadya tizidutswa ta lignin n'kutisandutsa pulasitiki yowola m'thupi mwake. Mu 2019 anzawo a ku University of Wisconsin-Madison anatenga Novosphingobium aromaticivorans, bakiteriya amene amadya tizidutswa ta mitundumitundu, koma onse n'kuwadzeretsa njira imodzi. Anachotsa tizigawo titatu ta malangizo a chibadwa chake kuti chakudya chiime pakati pa njira, monga madzi aima mtsinje ukatsekedwa. Chimene chinaunjikana pamenepo ndi PDC, mankhwala opangira pulasitiki imene ingathe kuwola.

Tikaiona bwino mbiri imeneyi, nzeru sizinasowe. Kawiri konse pulasitiki yowola inagonja, osati m'nyumba yofufuzira, koma pamsika, chifukwa ogula ankawerenga ndalama ya lero osawerenga dothi ndi mitsinje ya mawa. Ngati lignin, imene inkaonedwa ngati chinyalala, idzatsitsa mtengo, mwina ulendo wachitatu uno udzatheka. Koma mlandu sudzathera kwa akatswiri okha. Udzafikanso kwa ife ogula, tsiku limene tidzafunsidwe ngati tili okonzeka kulipirako pang'ono kuti adzukulu athu adzalime m'nthaka yoyera.