Mlandu wa chinangwa ndi shuga wa anthu owonda

Pepani ndakhala chete, kuchonga mayeso kunandipana.

Sabata yatha pamsika wa Mitundu ndinakumana ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 2. Sindinamuzindikire mpaka atanena kuti, "Aphunzitsi, mwandiiwala?" Waonda kwambiri. Akuti anamupeza ndi shuga, amadzibaya insulini tsiku ndi tsiku, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akumva kupweteka pamwamba pa mchombo kolasa mpaka kumsana. Kwawo ku Nathenje ena amati ndi kachasu, ena amanong'ona za matenda a boma. Iye mowa sanaulawepo, ndipo magazi anayezetsa, alibe kachilombo. Anthu sakhulupirira, chifukwa kwathu kuno shuga timati ndi wa mabwana a mimba zazikulu.

Ine si dokotala, ndimaphunzitsa History. Koma funso la mnyamatayu lili ndi mbiri yake, ndipo ndi imene ndikufuna ndikufotokozereni.

Nkhani yagona pa kapamba. Sindikunena kapamba uja amatupa ndi malungo, koma chiwalo chimene pa Chingerezi amati pancreas, chimene chili kuseri kwa chifu. Ntchito zake ndi ziwiri: kutulutsa timadzi togaya chakudya, makamaka mafuta, ndi kupanga insulini. Chikakhala chotupa kwa zaka, chimauma, mkati mumamera timiyala. Munthu amamva ululu, chimbudzi chimatuluka chamafuta, thupi limatha, kenako shuga. Ku Ulaya madokotala ankaidziwa nthendayi ngati ya amuna achikulire okonda mowa.

Ndiye mu 1959 dokotala wina wachidatchi, Zuidema, analemba za odwala a ku Indonesia: achinyamata, osauka, osamwa mowa, koma kapamba wodzaza timiyala. Mu 1960 Shaper anaona zomwezo ku Kampala, Uganda. Ku Kerala, kumwera kwa India, Geevarghese anasonkhanitsa odwala ochuluka zedi natulutsa buku mu 1968. Onsewa ankakayikira njala, makamaka kusowa kwa zakudya zomanga thupi.

Apa ndiye chinangwa chinalowa m'bwalo. Anthu a ku Kerala amadya chinangwa kwambiri, ndipo chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide. Mu 1979 McMillan ndi Geevarghese ananena kuti mwina poizoniyu, akapeza thupi lopanda zomanga thupi zokwanira, ndi amene amaononga kapamba. Ganizoli linamveka bwino moti linafala msanga. Mu 1985 bungwe la WHO linaika m'kaundula wake mtundu wa shuga wobwera ndi kunyentchera.

Ndimauza ana a Fomu 4 kuti zinthu ziwiri zikapezeka pamalo amodzi si ndiye kuti china chabala chinzake. Ndi mmene zinathera. Mu 1992 Andrew Swai ndi anzake ku Tanzania anayerekeza anthu a m'mudzi wodya kwambiri chinangwa chowawa ndi a m'mudzi wosadalira chinangwa, ndipo sanapeze umboni woti chinangwa chimabweretsa shuga. Nthendayi inkapezekanso kumadera a India kumene chinangwa sachidya. Mu 1999 WHO inachotsa mtundu uja m'kaundula, ati umboni ndi wochepa. Pofika 2002 ofufuza ku India ndi ku Bangladesh anali atapeza kuti ambiri mwa odwala a timiyalawa ali ndi kusintha mu jini yotchedwa SPINK1, kusonyeza kuti chibadwa chili ndi mbali yake. Choncho manyokola athu a ku Mitundu, amenenso ndi ozuna, musawaope. Chowawa cha kunyanja chija chiyenerabe kuviikidwa bwino, chifukwa poizoni wake amaononga zina m'thupi.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti chinangwa chitapezeka chosalakwa, njala nayo inangotuluka nawo m'khoti ngati yosalakwa. Kwa zaka zoposa 20 shuga wa anthu owonda analibe dzina, ndipo chinthu chopanda dzina sachipezera ndalama zofufuzira.

Malawi anathandiza kubwezera njala pamlandu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Rosalie Bartels ndi anzake anayeza chimbudzi cha ana ogonekedwa chifukwa cha kunyentchera koopsa. Zotsatira zinatuluka mu 2016: ana 92 pa 100 alionse kapamba wawo sankatulutsa mokwanira timadzi togaya chakudya. Mu 2017 anatulutsa kafukufuku wachiwiri wa ana 90. Theka anapatsidwa mankhwala olowa m'malo mwa timadzi tija, theka ayi. Kunenepa kwawo sikunasiyane kwenikweni, ngakhale kuti amene ankafuna kuona n'kumeneko. Koma imfa zinali zochepa pakati pa olandira mankhwala, pafupifupi 19 pa 100, pamene kwa enawo zinali pafupifupi 38 pa 100. Ana 90 ndi ochepa, sitingamangirepo lamulo, komabe nambala zimenezi ndinaziwerenga kawiri.

Mu April 2025, pamsonkhano wa International Diabetes Federation ku Bangkok, shuga wobwera ndi kunyentchera anapatsidwanso dzina: Type 5. Mmodzi mwa amene analimbikira ndi Meredith Hawkins wa ku New York. Bungweli likuyerekeza kuti anthu 20 mpaka 25 miliyoni ali nawo, ambiri ku Asia ndi ku Africa. Zindikirani kuti uyu si yemweyo ndi wa timiyala uja. Apa kapamba amangopanga insulini wochepa, ndipo akuganiza kuti n'chifukwa sanakule bwino munthuyo ali mwana. Kuwasiyanitsa n'kofunika, chifukwa insulini wambiri kwa munthu wosowa chakudya angathe kumugwetsa shuga mpaka kukomoka.

Aphunzitsi anzanga a kuno mukukumbukira njala ya 2002. Ine ndinali ndisanayambe ntchito, koma sindidzaiwala amayi ali pamzere kuchigayo kupempha gaga, ena akukumba zitsa za nthochi. Makanda a chaka chimenecho ndi amene tinadzawaphunzitsa, ndipo lero ndi akuluakulu, ena ali pabanja.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti akapitanso kuchipatala akafotokoze za ululu wa m'mimba uja, ndipo akafunse ngati angamujambule kapamba. Tisanasiyane ndinamufunsa chaka chimene anabadwa. Anati 2001, mwezi wa November.