Mlendo Wotchuka pa Msewu wa ku Mchinji

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji adziŵa kuti munthu akangodutsa pa Chitedze ndi pa Mpingu, za mumzinda zathera pomwepo. Chotsala ndi minda ya chimanga ndi fodya, ngolo za ng'ombe ndi njinga zosenza makala. M'mwezi wa October chaka cha 2006, dzuŵa likuswa mtengo, anthu a m'mbali mwa msewuwu anaona mdipiti wa galimoto zikuluzikulu ukuthamanga chakumadzulo, pambuyo pake pakutsata atolankhani ochokera m'maiko akutali. M'galimoto imodzi munali mayi wa ku America wa zaka 48, dzina lake Madonna, mmodzi mwa oimba otchuka koposa pa dziko lonse lapansi. Koma ambiri mwa anthu amene ankaima m'mbali mwa msewu kuonerera fumbilo anali asanamvepo dzina lake ndi kale lomwe.

Kunja kwa dziko lino mayiyu ankadziŵika bwino, ndipo mbiri yake sinali yoti n'kukamba pamaso pa apongozi. Anabadwira ku Michigan m'chaka cha 1958, natchuka ndi nyimbo zonga Like a Virgin ya mu 1984 ndi Material Girl, komanso ndi kavalidwe ndi kavinidwe kamene makolo ambiri ankaletsa ana awo kuonera. M'chaka cha 1989 kanema wa nyimbo yake ya Like a Prayer anakwiyitsa akuluakulu a Mpingo wa Katolika, kotero kuti kampani ya Pepsi inasiya kumugwiritsa ntchito potsatsa zakumwa zake. Mu August 2006, kutangotsala miyezi iŵiri kuti afike kuno, iye anaimba mumzinda wa Rome ali pa mtanda waukulu wonyezimira, atavala chisoti chaminga, ndipo atsogoleri a mipingo anadzudzula kwambiri. Iye anayankha kuti cholinga chake chinali kukumbutsa anthu za ana amasiye a mu Africa amene makolo awo anafa ndi Edzi. Anthu ena anamukhulupirira, ena ayi.

Nanga zinatheka bwanji kuti munthu wotere afike pa Namitete ngati mlendo wamba? Yankho lake lili m'mbiri ya dziko lino. Pa zaka zimene Madonna ankakwera pa kutchuka, ku Malaŵi kunalibe wailesi yakanema. Ya boma inadzatsegulidwa mu 1999. Nyumba youlutsira mawu inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo wailesi imapereka mawu, siipereka nkhope. Kuyambira mu 1968 kunali bungwe la boma loyang'anira mabuku, nyimbo ndi akanema, lomwe linkaletsa chilichonse chimene linkachiona kuti n'cholaula. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linakhalapo kufikira mu 1993. Zithunzi zimene zinamutchukitsa mayiyu ku London ndi ku New York sizikanatha kupachikidwa poyera m'sitolo ya pa Nsaru kapena pa Kabudula. Kwa Mkatolika wa ku Nambuma, ngati dzinalo analimvapo, linali dzina la ulemu limene anthu a ku Italy amatchulira Amayi Maria.

Motero anthu a kumadzulo kwa Lilongwe anapeza mwayi umene anthu a ku Ulaya analibe: anaona munthuyo asanamve mbiri yake. Chimene anaona chinali mayi wamng'ono thupi, wovala zapafupi, wokonda kunyamula ana ndi kukhala pansi pakati pawo. Amayi ake a iye mwini anamwalira mu 1963 iye ali ndi zaka zisanu, ndipo kaŵirikaŵiri ankanena kuti n'chifukwa chake nkhani ya ana amasiye imamukhudza. M'chaka chomwecho cha 2006 anakhazikitsa bungwe la Raising Malawi pamodzi ndi Michael Berg wa gulu lachipembedzo la Kabbalah, ndipo imodzi mwa ntchito zake zoyamba inali kumanga malo osamalira ana amasiye pamudzi wa Mphandula, kufupi ndi Namitete, mogwirizana ndi bungwe la kuno konkuno la Consol Homes. Ana ankalandirapo chakudya ndi maphunziro. Zimenezi zinaoneka ndi maso, ndipo panalibe wokana.

Koma anthu a dera limeneli sanayambe ndi Madonna kuona amayi achizungu odzathandiza. Pa Namitete pomwepo pali chipatala cha St Gabriel, chimene chinatsegulidwa mu 1959 ndi masisitere ochokera ku Luxembourg. Iwo anadzakhala, nakalambira pa ntchitoyo, popanda mtolankhani wowatsata. Mlendo watsopanoyu ankafika pa ndege yakeyake, nagona ku Kumbali Lodge mumzinda wa Lilongwe, nayendera midzi kwa maola oŵerengeka alonda ndi apolisi atamuzinga, n'kubwerera kwawo patapita masiku ochepa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu wotchuka sayenda yekha. Iye mwini angathe kukhala wofatsa pamaso pa gogo wa pa Mphandula, koma kumbuyo kwake kuli maloya, omuyankhulira, oyendetsa mabungwe ake ndi osunga ndalama zake, ndipo ameneŵa ndi amene amatsala pamalopo iye atakwera ndege. Anthu a kumudzi amapatsana moni ndi mlendoyo kamodzi, koma amakhala ndi zochita za anthu akewo kwa zaka.

Mphamvu ya kutchuka inayamba kuonekera m'bwalo lamilandu. Pa 12 October 2006, bwalo lalikulu ku Lilongwe linalola Madonna ndi mwamuna wake wa nthaŵi imeneyo, Guy Ritchie, kutenga kamnyamata ka chaka chimodzi dzina lake David, kamene kankasungidwa pa Home of Hope ku Mchinji amayi ake atamwalira. Patangopita masiku ochepa mwanayo anali ku London. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu anafunsa kuti zatheka bwanji msanga chotero, pamene lamulo linkanena kuti wofuna kutenga mwana akhale wokhala m'dziko muno. Bambo wa mwanayo, mlimi wa ku Mchinji, anauza atolankhani kuti sankadziŵa kuti Madonna ndani. Anangomva kuti ndi mayi wabwino wopembedza. Pambuyo pake ananena kuti sanamvetse kuti mwanayo akupita kotheratu, ngakhale kuti anadzanenanso kuti sakutsutsa zimene zinachitikazo. Munthu wodziŵa mwambo wa Acheŵa sangadabwe ndi kusamvana kumeneku. Kumudzi mwana amaleredwa ndi azakhali kapena amalume, ngakhale ndi mlendo, koma sasiya kukhala wa mtundu wake. Pepala la kubwalo lamilandu limanena zina.

Si onse amene anagwada. Mu April 2009, pamene Madonna anapempha kutenga mwana wachiŵiri, Mercy James, woŵeruza Esme Chombo anakana, ponena kuti mayiyu sakhala m'dziko muno ndipo lamulo silingapindidwe chifukwa cha munthu mmodzi. Bwalo lalikulu la apilo linasintha chigamulocho mu June chaka chomwecho, litaganizira thandizo limene iye ankapereka kwa ana a m'dziko lino.

Mu October 2009 mlendoyu anabweranso. Pa Mphandula anthu anamulandira ndi nyimbo ndi magule, ndipo iye anawalonjeza kuti adzawabweretsera magetsi. Paulendo womwewo anakafika pamudzi wa Chinkhota, kunja kwa mzinda wa Lilongwe, kumene anadzala mtengo poyambitsa ntchito yomanga sukulu ya atsikana ya madola 15 miliyoni. Inali yoti ikhale sukulu yogonera konko, yophunzitsa atsikana ochokera m'mabanja osauka kuti adzakhale madokotala ndi atsogoleri. Zithunzi za tsikulo zinafalitsidwa pa dziko lonse, ndipo n'zokongola ndithu: mayi wotchuka ataŵerama, akukwirira mtengo ndi manja ake. Mu April 2010 anabweranso kudzaika njerwa yoyamba.

Chimene zithunzizo sizinaonetse ndi minda. Malo a sukuluyo anali oposa maekala 100, ndipo anthu pafupifupi 200 anayenera kusiya pamene ankalima ndi kukhala. Boma linati malowo ndi ake. Bungwe la Raising Malawi linapereka ndalama zoposa K16 miliyoni zachipukuta misozi pa nyumba, mitengo ndi mbewu. Anthuwo anati ndalamazo n'zochepa poyerekeza ndi nthaka imene ankadyerapo. Kumayambiriro kwa 2010 akuluakulu a boma anapita kukawauza kuti asamuke basi. Mlimi akataya munda sataya chaka chimodzi chokha, ndipo ngati anavomera, anavomera poganiza kuti ana ake aakazi adzaloŵa pa chipata cha sukuluyo.

Sukuluyo sinamangidwe. Mu March 2011 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti madola pafupifupi 3.8 miliyoni anali atatha kale pa malipiro, mapulani a nyumba, galimoto ndi zina, koma makoma asanadzuke. Akuluakulu oyendetsa bungwelo anachotsedwa, ndipo antchito ena a kuno anakasuma kubwalo lamilandu pa za kuchotsedwa kwawo. Palibe amene ananena kuti Madonna anadya ndalamazo; iye mwini anali ataikamo m'bungwemo madola 11 miliyoni a m'thumba mwake, ndipo anati nkhaniyo inamukhumudwitsa. Komabe dzina limene linasuntha anthu pa Chinkhota linali lake. Boma silikanafulumira chotero chifukwa cha munthu wamba, ndipo anthu sakanakhulupirira chotero lonjezo la munthu wosadziŵika. Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere; koma pankhani iyi ngakhale mwini mkuyuyo sanaone nyererezo msanga, popeza ankaudziŵa mtengo wake kudzera m'malipoti a anthu ena.

Zitatero, bungwelo linasintha njira. Mogwirizana ndi bungwe la buildOn, linamanga nyumba zophunziriramo pa sukulu khumi za pulayimale m'boma la Kasungu, ndipo ntchitoyo inatha pofika kumapeto kwa 2012. Zinali zapafupi, zopanda dzina lalikulu, ndipo ana analoŵamo. Ngakhale apa mkangano sunalephere: a Raising Malawi ankati amanga sukulu, pamene nduna ya zamaphunziro ya nthaŵi imeneyo, mayi Eunice Kazembe, inati chimene chamangidwa ndi makalasi chabe.

Ulendo wa mu April 2013 ndiwo unaonetsa poyera mmene anthu aŵiri angaonere munthu mmodzi mosiyana. Madonna analemba kalata pamanja kwa Pulezidenti Joyce Banda kupempha kuti akumane, ndipo anayamba kalatayo potchula mtsogoleriyo ndi dzina loyamba lokha. Kwawo kumeneko chimenecho ndi chizindikiro cha ubwenzi. Kuno, kumene ngakhale mkazi satchula mwamuna wake ndi dzina pagulu, anthu ambiri anaona ngati chipongwe. Kukumanako sikunachitike. Pobwerera, pa bwalo la ndege la Kamuzu, iye ndi gulu lake sanaloledwe kudzera m'chipinda cha alendo olemekezeka. Anaima pamzere ndi kusechedwa monga wina aliyense. Kenaka ku nyumba ya boma kunatuluka chikalata chaukali chonena kuti mayiyu amafuna ulemu wapadera ndipo amakuza zimene wachita. Madonna anakana zonsezi, nati n'zabodza. Omuyankhulira anakumbutsa anthu kuti amene anali mkulu wa sukulu yolephereka ija anali mchemwali wake wa Pulezidentiyo. Posakhalitsa wailesi ya BBC inaulutsa kuti Pulezidentiyo sanavomereze chikalatacho ndipo anakwiya nacho. Omvera aone okha apa: atsogoleri aŵiri otchuka anakangana pamaso pa dziko lonse asanakhale pansi pamodzi, aliyense akuyankhuliridwa ndi anthu ake.

Boma litasintha, nkhope ya mlendoyu inasinthanso. Mu November 2014 Pulezidenti Peter Mutharika anamulandira ndi kumupatsa udindo waulemu wa kazembe woona za umoyo wa ana. Munthu anali yemweyo amene chaka chimodzi ndi theka m'mbuyomo anaimitsidwa pamzere. Mu February 2017 bwalo lamilandu linamulola kutenga ana ena aŵiri, mapasa, ochokera ku Home of Hope komwe kuja.

Ntchito yake yaikulu koposa m'dziko muno inadza mochedwa, ndipo inadza pamene iye anatsamira pa anthu odziŵa ntchito amene anali kale pamalopo. Dokotala Eric Borgstein anali atagwira ntchito ya opaleshoni ya ana kwa zaka zambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, m'malo opanikizika ndi zipangizo zosakwanira. Pa 11 July 2017 anatsegula pa chipatalapo nyumba yatsopano ya opaleshoni ya ana ndi chisamaliro cha ana odwala mwakayakaya, yoyamba ya mtundu umenewo m'Malaŵi, yomangidwa ndi thandizo la Raising Malawi ndi kutchedwa dzina la Mercy James. Pa mwambowo panali Pulezidenti Mutharika, panali Madonna ndi ana ake, ndipo panali nyimbo ndi magule monga zinaliri pa Mphandula zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo. Nthaŵi iyi alendo atabwerera kwawo, madokotala ndi anamwino anatsala akugwira ntchito m'zipinda zomangidwa kale. Nyumbayo ili pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera pa Chinkhota.